Lero tinakayeza pansi pa nthaka kunjira ya ku Kachulu

Ndikulemba izi m'manja muli matuza a hamala. Tinanyamuka ku Chanco dzuwa lisanatuluke, ophunzira 6 ndi aphunzitsi athu, kulowera njira ya ku Kachulu. Phiri la Zomba likangotsalira kumbuyo, dziko limati see mpaka kunyanja ya Chilwa. Mudzi umene tinafikako uli ndi mjigo umodzi, koma madzi ake ndi amchere. Amayi amangochapira, akumwa amakatunga kutali.

Njira yofufuzira madzi apansi pa nthaka imene tikuphunzira ndi ya resistivity. Timakhoma zitsulo zinayi pamzere umodzi. Ziwiri za kumapeto zimalowetsa magetsi m'nthaka, ziwiri zapakati zimayeza voteji, ndipo makina amatiuza kuti nthakayo ikukana magetsi motani. Tikamatalikitsa zitsulo za kumapetozo, magetsi amazama, ndiye timakhala ngati tikutsika pang'onopang'ono osakumba. Kayalidwe kameneka kali ndi dzina la Schlumberger, Mfalansa amene anayamba kuyesa zoterezi mu 1912.

M'kalasi zimamveka zophweka. Koma dothi la kudambo mu Okutobala ndi louma gwa, long'ambika, ndipo poyamba makina sanawerenge kanthu chifukwa zitsulo sizimagwirana bwino ndi nthaka. Aphunzitsi anati tithire madzi patsinde pa chitsulo chilichonse. Ana anathamangira kumjigo ndi zigubu, ndipo madzi amchere omwewo anatithandiza, pakuti mchere umadutsitsa magetsi mosavuta.

Dzuwa lili paliwombo kunabwera agogo ena, naima pafupi ndi waya.

"Mwanangu, madziwo mwawaona?"

"Ayi agogo, makinawa saona madzi. Amangotiuza pamene magetsi akudutsa mosavuta ndi pamene akuvutika."

Ndinaona nkhope yawo ikugwa, ndipo zinandipweteka. Koma sindikanawanamiza. Thanthwe lolimba limakana magetsi kwambiri, ndiye limapereka manambala akuluakulu. Mchenga kapena mwala wofumbutuka wokhala ndi madzi abwino umapereka apakatikati. Vuto lili pa manambala otsika: dongo limawapereka, madzi amchere nawonso amawapereka. Munthu wopupuluma akaona manambala atsika amati wapeza madzi, mudzi n'kusangalala, magalimoto obowola n'kubwera, mapeto ake mjigo ngati uja. Chilwa ilibe mtsinje wotulutsa madzi. Mitsinje ya Likangala, Domasi ndi Phalombe imathiramo, dzuwa n'kumaumitsa, mchere n'kumatsalira. Mu 1995 nyanjayi inaumiratu. Pansi pa chigwa chotere nambala yotsika siyenera kukhulupiriridwa msanga.

Agogowo anakhala pansi pamthunzi. Anati amakumbukira ndege ya Kauniuni imene inkauluka mmunsimmunsi cha mu 2013, ikuyeza miyala ya dziko lonse, ndipo anafunsa ngati ife ndi omwewo. Ndinawafotokozera kuti ija inkayeza maginito ndi mphamvu zina zochokera m'miyala, pofuna kudziwa za migodi, pamene ife tikufuna madzi. Kenaka analoza kamtunda ka mchenga kuseri kwa manda. Ali mtsikana, anati, kumeneko kunali chitsime chosawawa mchere ngakhale chilimwe chitakula bwanji, koma chinakwiririka.

Aphunzitsi atamva, anasintha pulogalamu pomwepo. Tinakulunga mawaya, n'kukayala mzere wachiwiri pakamtundapo. Kudambo kuja manambala ankangotsika tikamazama. Apa anatsika pang'ono n'kukhazikika pakati, monga zimakhalira pa mchenga wonyowa. Sindinganene kuti madzi abwino alipo, chifukwa mzere umodzi sukwanira, ndipo chotsimikiza chenicheni ndi kubowola. Komabe mtima wanga unagunda, ndipo ndinawerenga kawiri ndisanalembe.

Tabwerera mdima utagwa, fumbi lokhalokha. Ndasamba, ndadya, tsopano ndikulowetsa manambala mu kompyuta kuti ndijambule galafu. Loweruka tibwereranso kukayala mizere ina iwiri pakamtunda paja, ndipo titenga kachipangizo koyezera mchere m'zitsime zonse zozungulira. Agogo aja anati atiperekeza okha pamene panali chitsime chakalecho.