Ku Edinburgh ndinapita kukaona wa kumbuyo

Sitima yochokera ku King's Cross ku London imayenda maola anayi ndi theka kuti ifike ku Waverley, pakati penipeni pa Edinburgh. Ukatsika umakwera mtunda, n'kudutsa North Bridge ndi South Bridge mpaka kukafika ku Clerk Street, komwe kuli Queen's Hall. Nyumbayi inali tchalitchi isanasanduke holo yoimbiramo mu 1979, ndipo ndi kwawo kwa Scottish Chamber Orchestra, gulu la oimba ndi zida lomwe linayamba mu 1974.

Anthu ambiri maso awo amakhala pa wotsogolera ndi oimba vayolini. Ine ndinasankha mpando wa m'mwamba, chapambali, kuti ndizimuona bwino woimba ng'oma.

Gulu la mtundu uwu ndi laling'ono, oimba ake sapitirira kwenikweni 40, kotero palibe pobisala. Mu nyimbo za nthawi ya Haydn ndi Mozart, opeka nyimbo otchuka akalekale, woimba ng'oma amakhala yekha ndi timpani ziwiri, ng'oma zikuluzikulu zamkuwa zomwe amazikunga kuti zilire mawu ogwirizana ndi nyimbo. Ntchito yake yambiri ndi kudikira. Amakhala phee akuwerenga mumtima, kenaka amaweramira pachikopa, khutu pafupi, n'kugogoda ndi chala pang'onopang'ono kuti amve ngati ng'oma yafwifwa, anzake ali mkati moimba. Chikopa cha ng'ombe chimamva nyengo, ndipo chinyezi cha ku Scotland sichichedwa kuchifewetsa. Ikakwana nthawi, amamenya kamodzi kapena kawiri, n'kugwira chikopa ndi dzanja kuti mawu asapitirire. Akachedwa ngakhale pang'ono, holo yonse imadziwa.

Apa m'pamene ndinamvetsa chifukwa chake oimba ng'oma ena amadzakhalanso opeka nyimbo. Munthu amene watha zaka akumvetsera gulu lonse ali kumbuyo amadziwa pomwe nyimbo imapumira, pomwe imafuna mphamvu, ndiponso pomwe iye akuyenera kungokhala chete. Luso limeneli ndimaliona lalikulu kuposa liwiro la manja.

Gulu lomweli ndi limene linathandiza kuchotsa woimba ng'oma kumbuyo n'kumuika kutsogolo. Mu 1992, ku BBC Proms, chikondwerero cha nyimbo cha chaka ndi chaka, mu Royal Albert Hall ku London, linaimba koyamba Veni, Veni, Emmanuel, nyimbo yomwe James MacMillan anapeka kuti iimbidwe ndi Evelyn Glennie, katswiri woimba ng'oma ndi zida zina zomenya. Mayiyu anabadwa mu 1965 ndipo anakulira pafamu ku Aberdeenshire, ku Scotland. Makutu ake anasiya kumva ali ndi zaka 12, koma anaphunzira ku Royal Academy of Music ku London, ndipo nthawi zambiri amaimba opanda nsapato kuti azimva kunjenjemera kwa mawu kudzera m'mapazi. Nayenso amapeka nyimbo, kuphatikizapo za mafilimu ndi za pa wailesi ya kanema. Mu nyimbo ya MacMillan ija woimbayo sakhala malo amodzi: amachoka pa ng'oma kupita pa marimba, n'kukathera pa mabelu.

Konsati ya ku Queen's Hall itatha ndinatsalira pang'ono. Oimba vayolini anatseka mabokosi awo n'kumapita, koma wa ng'oma anali akadali pomwepo, akulongedza timitengo take m'chikwama, kuphimba zikopa ndi kuthandiza kukankhira timpani kuseri. Iyeyu amayenera kufika msanga kudzakonza zida, ndipo amachoka mochedwa.

Mukadzapita ku Queen's Hall, funsani mpando wa m'mwamba, mbali yomwe kwaikidwa ng'oma.