Malikisi awiri a Watchmen sayeza chinthu chimodzi

Tsopano ndiye mtima wakhala m'malo. Nkhani ija imatizunguza mitu tikamalemba za tsankho la khungu m'masewero a pa TV a ngwazi za mphamvu zodabwitsa, yoti n'chifukwa chiyani akatswiri olemba ndemanga amayamikira pamene owonera wamba akunyoza, yandilowa. Mfundo yake ndi yaifupi kwabasi: manambala awiri a malikisi, ya akatswiri ndi ya owonera, amene tsamba la ndemanga la Rotten Tomatoes limaonetsa, sachokera m'njira imodzi. Kutenga ya akatswiri, kuchotsapo ya owonera, n'kunena kuti chotsalacho ndiye kukula kwa tsankho, kuli ngati kuyeza chimanga china ndi ndowa, china ndi sikelo, kenako n'kumakangana kuti wakolola zambiri ndani.

Za Stuart Hall, katswiri wa maphunziro a chikhalidwe, ndi njira zake zitatu zolandirira uthenga (kuuvomereza, kuuvomereza mbali ina, kapena kuukana) sindibwerezanso, tonse tinaloweza. Tiyeni tipite pa Watchmen, sewero la kanema wa ku America wa HBO, imene inayamba mu Okutobala 2019. Gawo loyamba limatsegula ndi chiwembu cha mumzinda wa Tulsa ku America cha 1921, pamene gulu la azungu linatentha dera la anthu akuda la Greenwood n'kupha anthu. Regina King akusewera ngati wapolisi wovala chigoba, ndipo gulu latsankho la Seventh Kavalry limavala chigoba cha Rorschach, munthu wa m'buku la zithunzi la Alan Moore ndi Dave Gibbons limene seweroli lachokera, amene okonda bukulo ambiri amamutenga ngati wawo. Pa Rotten Tomatoes akatswiri anapitirira 90 peresenti, owonera anazungulira pa theka. Chaka chotsatira seweroli linatenga mphoto 11 za Emmy, za masewero a pa TV.

Tsono onani mmene manambalawa amapangidwira. Ya akatswiri si avereji ya malikisi ayi, ndi chiwerengero cha ndemanga zimene zagwera ku mbali yoyamikira. Akatswiri 100 atapereka 7 pa 10 aliyense, nambala ikhoza kufika 100 peresenti popanda ndi mmodzi yemwe wonena kuti seweroli n'lapamwamba. Olowa m'gululi ndi osankhidwa ndi eni tsamba, amalemba ndi dzina lawo lenileni, ndipo ambiri amalemba seweroli lisanayambe kuonetsedwa, ataona magawo ochepa amene kampani yawatumizira. Ya owonera imawerenga amene apereka nyenyezi zitatu ndi theka kapena kuposa, mwa zisanu. Koma khomo lake ndi lotsegula: aliyense wokhala ndi akaunti amavota. Mu Meyi 2019 tsambali linayamba kutsimikiza owonera kudzera m'matikiti ogulidwa pa Fandango, tsamba logulitsa matikiti a mafilimu, koma zimenezo ndi za mafilimu a ku sinema. Sewero la pa TV lilibe tikiti. Munthu amene sanaonepo ngakhale mphindi imodzi amavota mofanana ndi amene anamaliza magawo onse 9. Ndipo amene amavutika n'kulowa pa tsamba kukavota, kawirikawiri ndi wokwiya kwambiri kapena wokondwa kwambiri. Wapakatikati amazimitsa TV n'kukagona.

Njira imene yanditsegula maso, ndipo ndikuti imaposa zonse, ndi kusiya avereji n'kuyang'ana mmene mavoti agawikira. IMDb, tsamba lina lovotera mafilimu ndi masewero, imaonetsa mizati ya mavoti kuyambira 1 mpaka 10. Sewero limene anthu sanalikonde mwachibadwa limaunjikana pakati, pa 4, 5, 6. Mukaona mzati wautali pa 10, wina wautali pa 1, pakati pali pa mbee, dziwani kuti pali nkhondo: ena abwera kudzagwetsa, ena abwera kudzatchinjiriza. Theka likapereka 10, theka lina 1, avereji ndi 5.5, nambala imene palibe anaipereka. Ms. Marvel ya 2022, ya Kamala Khan, mtsikana wachisilamu wa ku Jersey City wa makolo ochokera ku Pakistan, inaonetsa zimenezi bwino: akatswiri anaiyamikira pafupifupi onse, koma mzati wa 1 unatalika m'masiku oyambirira enieni, anthu atangoona gawo limodzi.

Mizati payokha sikwanira, pamafunika kuwerenga ndemanga zolembedwa. Tengani 100 za nyenyezi imodzi ndi 100 za pakati, muzilowetse mu Excel. Danga loyamba likhale tsiku limene inalembedwa, poyerekeza ndi tsiku limene gawo linatuluka. Lachiwiri: kodi wolembayo watchula chochitika kapena munthu wopezeka kupitirira gawo loyamba? Pa Watchmen muyeso wabwino ndi gawo la 6, pamene zimadziwika kuti Hooded Justice, ngwazi yakale yovala chigoba ya m'bukulo, anali munthu wakuda wobisa khungu lake. Wotchula zimenezi, kaya mokwiya, waonera ndithu. Lachitatu ndi dandaulo lenilenilo: ndale ndi khungu, kupotoza buku loyambirira, kapena kalembedwe ndi kuchedwa kwa nkhani. Mnzanu asanje ndemanga zomwezo payekha osaona zanu. Mukamasiyana pa zoposa ziwiri mwa khumi zilizonse, vuto ndi magulu anuwo, akonzeninso. Jambulani tsamba ndi tsiku lake nthawi iliyonse, chifukwa manambala amasuntha, ndemanga zina zimafufutidwa, ndipo IMDb imasefa mavoti ndi njira imene siiulula, choncho avereji yawo simungaibwereze ndi kalikuleta. Bwenzi maphunziro onse a owonera atayambira pano, theka la mikangano ya m'kalasi litatha kalekale.

Apa ndiye pondipsetsa mtima. Aphunzitsi amatha masabata pa chiphunzitso cha Hall cha 1973, zabwino ndithu, koma palibe amapatula ngakhale ola limodzi kufotokoza mmene tsamba limawerengera mavoti. Kenako amalandira maasainimenti odzaza ndi maperesenti a Rotten Tomatoes ngati kuti ndi kalembera wa dziko, n'kuchonga. Nthawinso siilola. Kusanja ndemanga 200 anthu awiri ndi ntchito ya masiku, pamene tsiku lopereka lili pakhomo, ndiye aliyense amathamangira manambala awiri aja popeza ali pamwamba penipeni pa tsamba.

China chimene chimaiwalika: mpata wa pakati pa akatswiri ndi owonerawu umathanso kutembenuka. Iron Fist ya Netflix ya 2017 akatswiri anaigwetsa pansi, mwa zina chifukwa cha nkhani ya mzungu wopambana anthu a ku Asia pa luso lawo lomwe lomenyana, komanso chifukwa cha ndewu zofooka ndi nkhani yokwawa. Owonera anaikomera mtima kwambiri kuposa akatswiriwo. Wonena kuti akatswiri ndi sikelo yoona, owonera ndiwo okhota, ayambe wafotokoza zimenezi. Akatswiri nawo ndi gulu la anthu, lokhala ndi zimene limayembekezera, ndipo apa analemba ataona magawo 6 mwa 13.

Pa The Falcon and the Winter Soldier ya 2021 ndi pamene ngakhale mizati imasokoneza. Muli Isaiah Bradley, msilikali wakuda amene boma linamuyesera mankhwala kenako n'kumutsekera, nkhani yokumbutsa kafukufuku wa chindoko wa ku Tuskegee ku America wa 1932 mpaka 1972, mmene amuna akuda odwala anasiyidwa osachiritsidwa. Ena anadandaula kuti Marvel, kampani yopanga seweroli, yalowetsa ndale. Ena, kuphatikizapo olemba akuda, anadandaula zosiyana kotheratu: kuti seweroli linadzutsa nkhani yolemera n'kuitseka ndi zolankhula za Sam Wilson, ngwazi yaikulu ya seweroli, ndi chiboliboli cha m'nyumba yosungira zakale. Onse awiri angapereke 4 pa 10. Nambala imodzi, zifukwa zotsutsana. Danga lachitatu limawalekanitsa, bola.

Chimene chikundivutabe ndi gulu la "apotoza buku". Wina amanena zimenezi moona mtima, ndipo Moore mwiniwake safuna dzina lake pa zosinthidwa kuchoka m'mabuku ake. Wina amabisalamo, pakuti bukulo linali landale kuyambira kale, la Pulezidenti Nixon wa ku America ndi mantha a mabomba a nyukiliya, ndipo ndalezo sizinamuvute mpaka pamene zinakhudza khungu. Pa pepala ziganizo zawo n'zofanana, masiku awo akhoza kufanananso, onse akhoza kutchula gawo la 6. Kuwaika m'danga limodzi kukuoneka kulakwa, kuwalekanitsa ndiye kulosera za mumtima mwa munthu. Pakadali pano ndawasiya pamodzi, koma kaya.