Mbiri ya moyo wanga, gawo 9: Nangula wa ku Ndirande

Gawo lapitalo ndinalekezera pomwe bwana amene ndinkawawotcherera mageti anagula boti la tanga, lotalika mamita 8, n'kukaliika ku Monkey Bay. Botilo linabwera lopanda nangula. Iwo anangoti, "Iwe si wowotcherera? Tipangire."

Ine mwana wa ku Ndirande, madzi amene ndinkawadziwa anali a mu Nasolo. Koma ntchito siikanidwa. Ndinagula zitsulo za m'konkire pamsika, n'kupinda ngowe zinayi, n'kuziwotcherera kupaipi monga ndinaonera kwa asodzi ku Mangochi. Ndinapaka penti yofiira. Chinthucho chinalemera makilogalamu 15, ndipo ndinkachinyadira.

Mu Julaye tinanyamuka ku Monkey Bay n'kukagona ku Senga Bay. Madzi anali akuya mamita 4, ife tinaponya chingwe cha mamita 10, tadya nsima, tagona. Pakati pa usiku mwera unakuntha. Amene simunagonepo panyanja, dziwani kuti mwera wa nyengo yozizira suchita masewera, ndipo gombe la Senga Bay lili poyera, mphepoyo imangofikira pomwepo. Ndinadzidzimuka ndi kugunda kwa pansi pa boti, gu! gu! Magetsi a kumtunda amene madzulo anali kutali tsopano anali pamphuno. Asodzi ndi amene anatikankha, madzi ali m'khosi, uku akuseka. Nangula wanga anali atangopalasa mchenga ngati nkhuku.

Ulendo wobwerera ku Blantyre bwana sanandiyankhule mpaka pa Liwonde.

Lamlungu ndinapita ku Bangwe kwa malume, amene anagwira ntchito m'sitima za panyanja zaka zambiri asanapume. Ndinanyamula nangulayo pa minibasi, kondakitala n'kundilipiritsa mpando wachiwiri. Malume anamuyang'ana, anamugudubuza ndi phazi.

"Mphwanga, ichi ukuti n'chiyani?"

"Nangula, malume. N'cholemeratu."

"Mwala nawonso ndi wolemera. Katenge khasu."

Anamanga chingwe kumapeto kwa mpini, n'kugoneka khasulo pabwalo, mano ake ali pansi. Anandiuza kuti ndiime patali, ndigwade, ndikoke. Khasu linaloweratu m'dothi, ndipo ndikamakoka kwambiri linkangozamirabe. Kenako anati ndiime pafupi ndikokere m'mwamba. Linangozuka popanda n'kulimbana komwe.

"Waona? Nangula sagwira ndi kulemera, amagwira ndi kukumba. Ndipo amakumba chingwe chikagona. Inu munachiimika ngati cha pachitsime."

Anati chingwe chizitalika kasanu mpaka kasanu ndi kawiri kuposa kuya kwa madzi, kuwerengera kuchokera pamphuno ya boti. Ndiye kuti usiku uja tinkafunika mamita 30, osati 10. Anatinso pakati pa nangula ndi chingwe pakhale tcheni, chifukwa kulemera kwake kumagoneka chingwe pansi, komanso mwala sudula tcheni monga udulira nayiloni.

Sabata yotsatira bwana anabwera okha ku Bangwe ndi kabuku ka zithunzi za mitundu ya nangula kochokera ku South Africa. Anakhala pampando wa ndalema, malume atavala magalasi awo omanga ndi ulusi. Mayina a m'bukumo malume analibe nawo ntchito. Danforth ankamutcha "wa mapiko". Anati pamchenga ndi pamatope amagwira koopsa ngakhale ndi wopepuka, koma mphepo ikatembenuka amatha kuzuka osagwiranso, ndipo pamiyala ndi pa udzu ndi wachabe. CQR, amene anapangidwa ndi katswiri wa ku Britain Geoffrey Taylor mu 1933, ankamutcha "wa pulawo", ndipo amafananadi ndi pulawo ya ng'ombe. Ameneyu boti likazungulira amatembenuka nalo ali m'nthaka momwemo. Bruce anali "wa chikhatho": sachedwa kugwira, koma amafuna akhale wamkulu.

Bwana ankafuna wa mapiko poti anali wotchipa. Malume anawafunsa funso limodzi lokha: "Bwana, mukufuna kumakasambira masana kapena kumagona m'botimo?" Atayankha kuti kugona, malume analoza pulawo. Panyanja yathu mphepo imatha kusintha usiku, anatero, ndipo pansi pake lero ndi mchenga, mawa ndi miyala ya ku Likoma. Wa mapiko akhale wachiwiri, wosungira tsiku loipa.

Ine ndinadzipereka kuti pulawoyo ndikopera pachithunzi, ndiwotcherera ndekha. Onse awiri anandiyang'ana osayankha. Pano ndimavomereza kuti anachita bwino, poti kupindika kwa mlomo wake ndi pogona kulemera kwake si za diso, koma tsiku limenelo zinandiwawa.

Pulawo inabwera pa basi ya ku Johannesburg. Gawo langa linali kusaka tcheni cha mamilimita 8 chosachita dzimbiri m'mashopu a ku Limbe, ndi kumanga ndi waya bawuti ya cholumikizira tcheni ndi nangula kuti isamasuke m'madzi.

Nangula wanga wofiira uja malume anakana kuti nditaye. Anati pamiyala ndiye kwawo, chifukwa akakodwa ngowe imawongoka n'kutuluka. Tinamugwiritsadi ntchito kamodzi pafupi ndi chilumba cha Thumbi, tsiku lomwe ndinagwira chiwongolero koyamba. Za tsikulo ndi za m'gawo 10.