Mmene ndimakonzera njinga yamoto yotchipa yoyendera mpweya wopanikiza

Ndisanagule kachitsulo kalikonse ndimayamba ndawerengera mphamvu, chifukwa apa ndi pamene ambiri amanamizika. Silinda (botolo losungira mpweya) ya malita 10 yodzazidwa mpaka 300 bar (bar ndi muyeso wa kupanikizika kwa mpweya) imasunga mphamvu yokwana pafupifupi 0.4 kWh (muyeso womwewu wa mayuniti a magetsi), pamene lita imodzi ya petulo ili ndi pafupifupi 9 kWh. Njinga yopepuka, yolemera makilogalamu 130 pamodzi ndi wokwera, imafuna mawati 300 kapena kupitirira pang'ono kuti ithamange makilomita 30 pa ola pamsewu wosalala. Choncho ndimadziwiratu kuti ndikupanga njinga ya maulendo afupiafupi, ndipo ntchito yonse ndi yoteteza mpweya wochepawo kuti usatayike chabe.

Fulemu ndimatenga ya njinga yamoto yaing'ono yakale, n'kuchotsa thanki ya petulo, kabureta ndi ekizozi. Silinda sindinyengerera. Ndimasankha ya anthu osambira pansi pa madzi kapena ya ozimitsa moto, yokhala ndi chidindo cha tsiku limene inayesedwa. Ya malita 6.8 yokulungidwa ndi ulusi wa kaboni imalemera pafupifupi makilogalamu 4 ndipo imafunika kuyesedwanso zaka zisanu zilizonse. Yachitsulo ndi yotchipa koma yolemera kwambiri. Silinda ya gasi wophikira, chozimitsira moto kapena payipi ya PVC siziyandikira n'komwe, zimaphulika. Ndimaimanga pansi, mkati mwa fulemu, ndi malamba awiri achitsulo oyalidwa labala, khosi lake litatetezedwa ndi chitsulo kuti lisaduke njinga ikagwa.

Kenako regyuleta, yotsitsa 300 bar kufika pa 10. Chipangizochi n'chofunika koma chimadya pafupifupi theka la mphamvu ija, popeza mpweya umafutukuka mmenemo osakankha kanthu. Umatulukamo uli wozizira kwambiri, ndiye ndimaudutsitsa mu payipi ya kopa yozungulizazunguliza, mamita awiri kapena atatu, pamalo owombedwa mphepo. Mpweya wofundako umatupa, n'kugwira ntchito yochuluka.

Pa injini ndi pomwe ndimachedwapo. Mota ya mpweya ya mapiko, yonga ya m'zida za m'galaja, siivuta kumanga, koma imameza malita oposa 1,000 pa mphindi pa kilowati imodzi. Silinda ya malita 10 ija ili ndi malita osakwana 3,000 a mpweya wamba, ndiye pakatha makilomita atatu mwayamba kukankha. N'chifukwa chake ndimasunga injini ya pisitoni ya 50cc ya njinga yakale ija. Camshaft (chitsulo chokhala ndi zotupa zotsegula mavavu) imazungulira kamodzi crankshaft (chitsulo chozunguzidwa ndi pisitoni) ikazungulira kawiri, choncho ndimawotcherera chotupa chachiwiri moyang'anizana ndi choyamba pa vavu iliyonse, kuti pisitoni izikankhidwa ulendo uliwonse ikamatsika. Chotupa cha vavu yolowetsa ndimachipala kuti chifupike, vavu izitseka pisitoni isanafike theka la ulendo wake. Njira yotsalayo mpweya umakankha wokha pofutukuka, ndipo mtunda ungathe kuwirikiza kawiri. Mukaitseketsa msanga kwambiri, njinga imakanika kunyamuka pamalo okwera.

Vuto limene limabwera msanga ndi kutsika kwa geji yoonetsa mpweya wotsala, injini ili chiimire. Vavu imatsegukira mkati mwa injini, ndipo 10 bar imaikankhira komweko, n'kugonjetsa sipuling'i yomwe inapangidwira mpweya wamba. Ndimaika sipuling'i yolimba, ndipo bowo la pulagi ndimalitseka ndi bawuti. Vuto lina ndi madzi oundana amene amatseka regyuleta ndi potulukira mpweya. Gwero lake ndi chinyezi, ndiye fyuluta youmitsa iyenera kukhala pa kompuresa, mpweya usanalowe m'silinda. Girisi ndi oyilo sindipaka mbali ya 300 bar, chifukwa zingathe kuyaka zokha mpweya ukapanikizika mwadzidzidzi.

Pachogwirira ndimalumikiza waya ku vavu yobwerera yokha ndi sipuling'i, kuti dzanja likachoka mpweya uduke. Kilatchi sindiichotsa, popeza potsetsereka ndi poyandikira maloboti njinga iyenera kuyenda yokha osadya mpweya.

Kudzaza ndiye kumene kutchipa kumathera. Kompuresa ya m'galaja imalekezera pa 8 kapena 10 bar, ndipo yofika 300 ingadule kuposa njinga yonse. Ndimadzaza pang'onopang'ono, chifukwa silinda imatentha, ndipo ikazizira geji imatsikanso. Kuyesa koyamba ndimakuchita tayala lakumbuyo lili m'mwamba, pa 3 bar, nditapaka madzi a sopo polumikiza paliponse, kenako n'kumakweza bar imodzi imodzi.