Bokosi la chiwongolero la pa WhatsApp

Lolemba ndi Lachiwiri zinali zathu zomwe zija pano pa Ulongue: mabuleki a chapa (maminibasi) ziwiri za ku Calomue, kusintha oilo, njinga zamoto zosatha, magetsi n'kuthima masana onse moti makina owotcherera anasanduka mpando wa anyamata. Zimenezo sindidandaula nazo.

Chandilembetsa ndi Land Rover ya madala ena a ku Tsangano, Series III yaitali ija ya 109, imene amatsitsira mbatatesi kuchokera kumapiri. Mtundu umenewu unaleka kupangidwa mu 1985, ndiye za zipangizo mukudziwa kale. Inabwera chiwongolero chikuyenda chikhatho chathunthu mateyala asanamve kanthu. Ndinaona mabolojointi, relay (cholumikizira ndodo za chiwongolero) ya kutsogolo kwa chesisi, ndi mabawuti ogwira bokosi, zonse zili nganganga. Folga, kukhwepa kuja, inali m'kati mwa caixa de direcção, bokosi la chiwongolero, mwenimwenimo. Nditatsegula munalibe ngakhale dontho la oilo wake wa EP90, munali phala la dzimbiri, ndipo worm, shafiti ya mazinga imene chiwongolero chimazunguza, inali itakumbika pakati, malo amene amadyeka galimoto ikamayenda molunjika zaka zonsezi.

Ndinapempha abwana kuti ndipite ndekha ku Tete ndikasankhe bokosi lina ndi manja anga. Anakana. Ati mmisiri sangathere tsiku lonse pamsewu, ku Teteko kuli mnyamata wa pa sukata, pogulitsira zipangizo za magalimoto akutha, amene amatumiza zithunzi pa WhatsApp. Bokosi loyamba linafika pa chapa Lachitatu m'mawa, lochapidwa bwino, koma la galimoto ya chiwongolero cha kumanzere. Kaya linachokera ku Portugal kaya ku Angola, ife kuno timayenda kumanzere kwa msewu ndipo chiwongolero chili kumanja, bokosi lake ndi lotembenuka ngati nsapato ya phazi lina. Pa chithunzi wina aliyense angapusitsike, n'chifukwa chake ndinkafuna kupita. Linabwerera, ndalama ya chapa n'kulowa m'madzi kawiri.

Bokosi lachiwiri linafika Lachinayi, la kumanja ndithu. Ndinalimanga pa vayisi n'kuyamba kupotoza shafiti ndi zala. Bokosi labwino limalimbako pang'ono pakati, kenako n'kumasuka ukamapita kumbali. Ili linkachita zosiyana: pakati pofewa, ukangopotoza pang'ono kumanja kapena kumanzere limagwira ngati muli mchenga. Sikuluwu yochepetsera folga inali italowa mpaka kutsala mizere iwiri, ndipo m'kati anadzazamo girizi kuti silo yotchinga oilo, yomwe inali yakutha, isaoneke kudontha. Munthu anamanga dala kuti abise kudyeka kwa pakati.

Ndinati, "Bwana, ili ndi lakutha ngati lathu lomwe lija, angolidzoza mafuta." Iwo anati, "Amisiri, inu mumafuna chilichonse chikhale cha m'sitolo. Madalawa akugona pa benchi usiku wachiwiri, mbatatesi zikuwola kumunda. Ikani, likayenda limasuka lokha."

Apa ndiye pamene pakundiwawa. Ndinaika. Zaka zonsezi ndikugwira sipanala, ndikudziwa kuti chitsulo chodyeka sichimasuka chokha, koma ndinatopa kukangana. Ngakhale pula yochotsera drop arm (mkono wa bokosi wokankha ndodo za chiwongolero) tilibe pa ofisina pano, chaka chachiwiri tsopano ndikupempha; tinachita kukabwereka kwa anzathu a kumsika, kulipira ndi fanta.

Madzulo ndinatuluka nayo kukayesa njira ya ku Domue, mnyamata wondithandiza ali pambali. Polunjika inkayenda mokoma moti ndinayamba kudzikayikira ndekha. Tinafika pa kona ina yotsetsereka, ndinakhota, ndipo potuluka pa konapo chiwongolero sichinabwerere. Chinangoima pomwepo. Kutsogolo kunali amayi atatu atasenza nkhuni, wina ali ndi mwana kumbuyo. Ndinakoka ndi manja onse awiri, phazi lili pa buleki, mabuleki ake a dramu aja oti umayamba wapemphera. Chinamasuka mwadzidzidzi, galimoto n'kudumphira mbali inayo, tinakaima m'mizere ya munda wa munthu. Amayi aja anataya nkhuni n'kuthawira kutchire. Mmodzi anabwerera kudzandifunsa ngati ndaledzera. Sindinayankhe, miyendo inkanjenjemera, ndipo pobwerera ndinayenda pa giya yoyamba njira yonse.

Tangoganizani zikanachitikira madala aja pa mitsetse ya ku Tsangano, matumba ali pamwamba, adzukulu atakhala pa matumbapo.

Usiku womwewo ndinalichotsa ndi tochi ya foni. Ndinawafotokozera madala zonse, osabisa kuti amene anaika ndine. Anakhala chete, kenako anati, "Mwana wanga, galimotoyi ndi yakale kuposa iwe, idikira. Mbatatesi zipita pa ngolo." Abwana anangoti mwina ndinamanga kwambiri ndine. Sindinaigwire n'komwe sikuluwu ija.

Tsopano tagwirizana zimene ndinanena tsiku loyamba lomwe nditaona worm ija: chigoba cha bokosi la madala chilibe mng'alu, ndiye tiitanitse shafiti ya worm yatsopano ndi nati yake, timipira take tachitsulo, mabering'i, buchi ndi silo kudzera kwa dalaivala wa thiraki amene amapita ku Johannesburg, ndimange ndekha. Zidula kuposa mabokosi awiri aja, ndipo zitenga masabata. Lachisanu ndinagwira ntchito ziwiri zazing'ono, kilatchi ya Canter ndi rediyeta yodontha, koma mutu sunali pamenepo.

Bokosi la pa sukata lija mnyamata wa ku Tete wakana kulilandira. Ndalipaka mtanda wa penti yofiira n'kuliponya pansi pa benchi kuti lisadzalowe m'galimoto ya munthu wina. Loweruka m'mawa ndinapeza abwana akufunsa mnyamata wanga ngati pentiyo ingachoke ndi petulo.