Sabata ya June ku casualty: odwala sickle cell obwerabwera

Chisanu cha June chikayamba, odwala sickle cell, matenda a magazi obadwa nawo, amachuluka pabenchi. Kuzizira, kuchepa kwa madzi m'thupi ndi malungo zimapinda maselo ofiira ngati chikwakwa, maselowo n'kutseka timitsempha, mafupa n'kuyamba kuphwanya.

Lolemba kunabwera mnyamata wa zaka 14, kachitatu mwezi uno, msana ndi miyendo zili moto. Mankhwala a ululu ayenera kulowa pasanathe mphindi 30: panado 15 mg pa kilogalamu iliyonse ya kulemera kwa wodwala, ibuprofen ngati impso zili bwino, ndipo ululu ukakula, morphine 0.1 mg pa kilogalamu mumtsempha, kenako kumuonanso pakatha mphindi 30. Pethidine, jakisoni wina wa ululu, ayi, akamabwerezedwa amatha kukomola munthu. Chimene chimachedwetsa kawirikawiri ndi mawu aja akuti "wabweranso uja, akungofuna jakisoni". Amene wakula ndi ululu salira mokweza, ndiye amaoneka ngati akunama.

Lachitatu, mwana wa zaka 2, m'manja muli mbuu, mimba yatupa kumanzere. Magazi anali ataunjikana m'kapamba, Hb, nambala yosonyeza kuchuluka kwa magazi, ili pa 4. Odwalawa ambiri amakhala pakati pa 6 ndi 9, choncho timafananitsa ndi nambala yakale ya m'buku lake la kuchipatala. Magazi tinamupatsa pang'ono, 5 ml pa kilogalamu, chifukwa kapamba akaphwa amabweza magazi anaunjikana aja.

Lachinayi mnyamata wa Lolemba uja anayamba kubanika, thupi kutentha, oxygen pansi pa 95. Matendawa anali atagwira m'chifuwa. Dripi yothamanga kwambiri komanso kupuma mosakoka mpweya chifukwa cha ululu zimakulitsa vutoli. Tinachepetsa dripi, tinamuika pa oxygen, ceftriaxone (jakisoni wopha mabakiteriya), X-ray, magazi n'kukhala okonzeka. Aliyense wa sickle cell thupi likafika 38.5 timamuyeza malungo ndi kuyamba ceftriaxone, osadikira mawa.

Lachisanu tinaunika mabuku a obwerabwerawa, ndipo nkhani inali yofanana. Wina hydroxyurea, mankhwala othandiza kuti ululu usamabwerebwere, adamuthera kalekale, wina adaphonya kiliniki chifukwa cha ndalama ya minibasi, mwana wa Lachitatu uja penicillin wa tsiku ndi tsiku adasiya. Tsopano wotuluka aliyense timamulembera m'buku Hb yake ya masiku onse, mlingo wa morphine umene unamuthandiza ndi tsiku la kiliniki, ndipo mayi a mwana timawagwira dzanja kuwaonetsa popapasa kapamba akamamusambitsa.