Kaundula wa mipando: mbiri ya bizinesi yathu ku Luchenza

Ntchito yathu ndi yobwereketsa mipando ya pulasitiki, matenti, mapoto akuluakulu ndi mbale pa maukwati, zinkhoswe, maliro, kumanga ziliza ndi misonkhano ya mipingo. Tili ku Luchenza, pamene Thyolo akumanirana ndi Mulanje, choncho katundu wathu amayenda mbali zonse: lero ku Chonde, mawa ku Khonjeni, mkuja ku Goliati. Tinayamba kumapeto kwa 2015, ine ndi bambo a kunyumba, ndi ndalama ya nandolo yophatikiza ndi kangongole ka ku banki m'khonde. Chaka chimenecho nandolo anagulidwa bwino. Pofika 2017 dziko la India linachepetsa nandolo wogula kunja, mtengo n'kugweratu, ndipo kuyambira pamenepo mipando ndiyo yakhala ikutidyetsa.

Anthu akamandifunsa za bizinesiyi amayembekezera kuti ndinena za mpamba kapena za mayendedwe. Koma chimene chatitayitsa tulo kwambiri ndi buku. Kodi aliyense wofuna katundu ayambe walembetsa dzina, kapena tizingopereka monga amachitira ena onse?

Kale kuno kubwereketsa kunkayendera nkhope. Munthu akafika, funso loyamba linali lakuti, "Ndinu a kwa ndani?" Akatchula banja lodziwika, katundu ankatuluka. Akatchula mudzi wakutali, yankho linali lakuti mipando yonse yapita kale, ngakhale ili mbwee kuseri kwa nyumba. Ambiri amati njira imeneyi ndi yaumunthu chifukwa palibe pepala, palibe kukayikirana. Ine ndinaiona mosiyana. Dera lathu lino ndi la tiyi. Nyengo ya mvula, masamba akachuluka, m'makomboni a m'maesiteti mumadzaza anthu ochokera ku Phalombe, ku Chiradzulu, ena kutsidya ku Milange, odzathyola tiyi kwa miyezi yowerengeka. Anthu amenewa nawonso amakwatitsa, nawonso amaferedwa. Koma nkhope zawo palibe akuzidziwa, ndiye amalirira pa dzuwa kapena pa mvula.

Bambo wina wa ku komboni anatifikira mamawa, mwana atawatayikira usiku. Nsapato zili matope okhaokha, chipewa chili m'manja, atayenda kale makomo awiri osathandizidwa. Sanali ndi womuyankhulira aliyense. Bambo a kunyumba anatenga kalendala yakale, n'kulemba kuseri kwake dzina la bamboyo, komboni imene amakhala, dzina la kapitawo wawo ndi chiwerengero cha mipando. Bamboyo sankadziwa kulemba, choncho anapaka chala inki ya bolopeni n'kudinda pansi pake. Maliro atatha mipando inabwera yonse, yotsukidwa, yomangidwa ndi luzi, ndipo anaumirira kuti tiwerengere limodzi asanachoke. Tsamba la kalendala lija ndilo linabala kaundula wathu.

Pamenepa ndi pamene ndinaona kuti kulembetsa si mpanda wotsekera anthu kunja. Kwa munthu wobwera, wopanda malume wodziwika pa msika, buku ndilo limamuyimira. Ndipo tinene zoona, katundu wathu wambiri amene ankasowa sankasowera kwa alendo. Ankasowera kwa odziwana nawo, amene sungawalondole kawiri popanda nkhani kufika kwa eni mbumba. Mipando inapita 50, yabwera 46, wina wathyoka mwendo, ndipo ukafunsa akuti, "Aa, si mmene munatipatsira?" Popanda cholembedwa, mawu anu ndi awo amalemera mofanana, ndipo chibale chimawonongekera pa mipando inayi.

Nthawi inatithandizanso. Mu 2017 bungwe la NRB linalemba anthu a zaka 16 kupita m'tsogolo m'dziko lonse, oposa 9 miliyoni, ndipo kwa nthawi yoyamba mlimi wamba anakhala ndi chiphaso cha unzika m'thumba. Mu 2018 a MACRA, bungwe loyang'anira za mafoni ndi mawailesi, analamula kuti nambala iliyonse ya foni ilembetsedwe pa dzina la mwini wake. Kuyambira apo nambala ya foni inasiya kukhala chinthu chongotaya mawa n'kugula ina. Tinagula buku lalikulu la chikuto cholimba, n'kujambula mizere: dzina, nambala ya chiphaso, foni, mudzi ndi mfumu yake, komanso mboni mmodzi. Munthu amalembetsa kamodzi kokha. Akatero timamupatsa kakhadi ka nambala, ndipo ulendo wina akhoza kungoimba foni, kulipira pa Airtel Money kapena pa Mpamba, n'kutuma wakabaza kudzatenga.

Musaganize kuti anthu anaombera m'manja. Chaka chija cha 2017 ndi chimene mphekesera za anamapopa zinavuta ku Mulanje, ku Phalombe ndi kuno ku Thyolo, mpaka anthu osalakwa anaphedwa. Munthu wolemba mayina a anzake m'buku ankayang'anidwa ndi diso lina. Ena ankati tikufuna kugulitsa mayina kwa andale, ena ankaopa akuba a pa foni aja onamiza anthu kuti atumize ndalama pa nambala yakutiyakuti. Makasitomala ena anatembenukira pakhomo pomwepo n'kupita kobwereka popanda mafunso, ndipo ena mwa iwo sanabwererenso mpaka lero. Ndalama imeneyo tinaitaya, ndipo sindingawanene kuti analakwa. Mantha awo anali ndi pochokera.

Koma mawu amene anandilasa kwambiri anali a amayi anga. Anandipeza ndikujambula mizere ija, anakhala pa mkeka, n'kunena kuti, "Mwanawe, munthu wagonekedwa m'nyumba, abale ake misozi ili m'maso, iwe n'kumati onetsani chiphaso? Maliro n'kulirana. Tsiku lako likadzafika, adzukulu adzakufunse chiphaso asanakumbe?"

Ndinati, "Amayi, ndamva. Nanga amene alibe womudziwa, alire ndi ndani?"

Sanandiyankhe tsiku limenelo, inenso sindinawatsutse, chifukwa tonse tinali kunena zoona. Mawu awo ndi amene anakonza malamulo a buku lathu. Pa maliro katundu amayamba wanyamuka, kulemba kumabwera pambuyo. Namfedwa sitimufunsa kanthu. Amene amadinda ndi nthumwi ya amfumu, mkulu wa mpingo, mtsogoleri wa amayi a Mvano kapena a Dorika, kapenanso mkulu wa adzukulu, aliyense amene mutu wake uli m'malo tsiku limenelo. Chikole pa maliro sitilandira. Pa ukwati ndi chinkhoswe mpamene timalimba, pakuti zimenezo zimakonzedwa miyezi, ndipo komiti imene yatha kusonkhetsa ndalama ya keke singalephere kutumiza munthu mmodzi ndi chiphaso.

Wongofuna kuona katundu, kufunsa mitengo kapena kuyeza kukula kwa tenti salemba chilichonse. Ndimakana zoti munthu atchule dzina asanadziwe n'komwe ngati tili ndi chimene akufuna. Wopanda chiphaso, kaya ndi gogo, kaya chinatayika, kaya ndi wa ku Mozambique, amabwera ndi kalata ya amfumu kapena ndi munthu amene ali kale m'buku. Chiphaso sitisunga, sitichijambula pa foni. Timangokopera nambala n'kubweza m'manja mwa mwini wake iye akuona. Bukulo limagona m'bokosi lokhoma. Nthawi ina ya kampeni munthu wina anabwera ndi ndalama yooneka kuti akopereko manambala a foni, ndipo bambo a kunyumba anamuperekeza mwaulemu mpaka pa msewu. Dziko lathu linakhazikitsa lamulo loteteza uthenga wokhudza anthu mu 2024, koma ife tinkadziwa kale kuti munthu akakupatsa dzina lake wakusungitsa chinthu cha mtengo woposa mpando.

Mu Malichi 2023, namondwe wa Freddy atagumula nyumba ndi kukokolola midzi ku Mulanje, ku Phalombe ndi kuno, buku tinalitseka. Anthu anali m'masukulu ndi m'matchalitchi, ziphaso zitapita ndi madzi pamodzi ndi zonse. Matenti ndi mapoto zinapita kumene zinkafunika popanda cholembera. Zina zinabwera zong'ambika, poto wina sanabwere, ndipo sitinafunse. Chimene chinatipweteka ndi cha mu Novembala chaka chomwecho, pamene kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti. Mtengo wa mpando ndi wa nsalu ya tenti ku Limbe unakwera moti kubwezeretsa chotayika kunasanduka nkhani yokhalira pansi banja lonse. Zikanakhala kuti mipando ikusowabe monga kale, bwenzi pano titatseka.

Sindinena kuti buku limasandutsa wakuba kukhala wolungama. Alipo anatipatsa nambala yozimitsa, alipo anasamuka usiku. Chimene lasintha ndi kayankhulidwe. Timawerenga limodzi potuluka, timawerenganso pobwera, ndipo wothyola mpando amabwera atanena kale yekha pa foni. Nafenso limatimanga: tenti ikadontha, kasitomala amaloza tsamba lake, tsiku lake, n'kutiuza kuti tibweze ndalama, ndipo timabweza. Madandaulo obwera mopanda dzina, odzera kwa wakabaza kapena kwa mnansi, nawonso ndimawamvera, pakuti alipo anthu amene sangayang'ane munthu m'maso n'kumuuza kuti mapoto ake anabwera ndi mafuta.

Pano nkhani imene tikukambirana m'nyumba ndi yosamutsira kaundula mu foni. Mwana wathu wamkulu akuti zingafulumize kupeza dzina, makamaka miyezi ya maukwati kuyambira Ogasiti mpaka Okutobala, pamene mwambo wa Mulhako wa Alhomwe ku Chonde umadzazanso dera lino ndi alendo. Bambo ake akukana, akuti foni imabedwa pa msika pomwe bokosi silichoka m'nyumba, ndipo mayina a anthu si athu kuti tiziyenda nawo m'thumba. Pa ichi ine ndili mbali ya bambo ake, mpaka mwanayo atandionetsa mmene mayinawo angatetezekere foniyo itagwera m'manja mwa wina.